La Bombonera: bwalo lomwe lidakana kuchoka ku La Boca

Mumsewu wa Brandsen, pa nambala 805, kummwera chakummawa kwa mzinda wa Buenos Aires ku Argentina, pali bwalo la mpira lomwe woliona koyamba angaganize kuti amisiri adalisiyira panjira ndalama zitawathera. Mbali zake zitatu n'zansanjika zitatu zosanjikizana motsetsereka kwambiri, pomwe mbali yachinayi ndi khoma loongoka lodzaza ndi tizipinda toonereramo mpira. Kuseri kwa khomalo kuli kamsewu, ndipo kutsidya kwa kamsewuko kuli nyumba za anthu. Dzina lake lolembedwa m'mabuku ndi Estadio Alberto J. Armando, koma aliyense amangoti La Bombonera, kwawo kwa timu ya Boca Juniors. Mumalowa anthu osakwana 60,000, chikhalirecho timuyi ili ndi mamembala oposa 300,000, kotero pa masewero aliwonse eni ake ambiri a bwaloli amatsala kunja. Atsogoleri ena a timuyi, anthu odziwa zinthu komanso andalama zawo, akhala akunena kuti njira ndi imodzi yokha, kumanga bwalo lina lalikulu pamalo otakasuka. Mamembala akhala akukana. Mbiri ya bwaloli ikusonyeza kuti okanawo ali ndi mfundo, ndiponso kuti chomwe chimakoka alendo ochokera kutali kudzaonera masewero kumeneku chidabadwira m'kupanikizika komweko kumene ena akufuna kukuthawa.

Dera la La Boca lili pomwe mtsinje wa Riachuelo umathira mu Río de la Plata, ndipo kwa zaka zambiri ndi pamene padali doko la mzindawu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kudafika anthu ochuluka ochokera ku Italy, makamaka a ku Genoa, kudzagwira ntchito yotsitsa katundu, yokhoma mabwato ndi ya m'sitima zapamadzi. Ankakhala mothithikana m'nyumba zamatabwa ndi malata, banja lililonse chipinda chimodzi, mpopi ndi pophikira n'zobwerekana. Nyumbazo ankazipaka utoto wotsala kusitima, n'chifukwa chake khoma limodzi limatha kukhala ndi mitundu itatu. Madzi ankasefukira pafupipafupi, moto sunkachedwa kubuka m'nyumba zamatabwazo, ndipo thandizo la boma linkafika mochedwa, choncho anthu adazolowera kudzipangira okha mabungwe. Gulu loyamba la ozimitsa moto ongodzipereka m'dziko la Argentina lidakhazikitsidwa ku La Boca m'chaka cha 1884. Mu 1904 dera lomweli lidasankha Alfredo Palacios kukhala phungu, woyamba wa chipani cha Socialist m'maiko onse a ku America. Timu ya mpira yomwe idabadwa chaka chotsatira idali bungwe linanso la mtundu womwewo, la anthu oyandikana nyumba, losonkherana ndalama, loyendetsedwa ndi mavoti a mamembala. Mpaka lero Boca Juniors ilibe mwini mmodzi, ndipo pulezidenti wake amachita kusankhidwa.

Pa 3 Epulo 1905 anyamata asanu, Esteban Baglietto, Alfredo Scarpatti, Santiago Sana ndi abale awiri Juan ndi Teodoro Farenga, adakhazikitsa timuyi atakumana pa Plaza Solís. Nkhani yomwe eni ake amakamba ndi yoti mitundu ya buluu ndi chikasu adaitenga pa mbendera ya sitima ya ku Sweden yomwe idafika padoko. Zaka zoyambirira timuyi idalibe pakhomo pokhazikika, imangosamukasamuka m'timalo tobwereka ta m'mphepete mwa doko. Mu 1914 malo atasowa, atsogoleri adaisamutsira ku Wilde, kunja kwa mzinda chakummwera, komwe malo adali ambiri. Zotsatira zake zidali zowawa: mamembala adatsika kuchoka pa 1,500 kufika pa 300. Wotsitsa katundu padoko, yemwe amaweruka thupi lili lende, sakanakwera sitima Lamulungu kukaonera timu yomwe idamuchoka pakhomo. Boca idabwerera kwawo, mu 1916 idatsegula bwalo mumsewu wa Ministro Brin, ndipo mu 1919 idatenga chikho chake choyamba cha ligi. Mu 1924 idamanga bwalo lamatabwa pa Brandsen, pamalo omwe La Bombonera yaima lero. Phunziro la ku Wilde lidalowa m'mutu mwa mamembala nthawi imeneyo, bwalo la konkire lisanaganiziridwe n'komwe.

River Plate, mdani wamkulu wa Boca, nayonso idabadwira ku La Boca mu 1901, koma idasankha njira ina. Mu 1923 idasamukira kumpoto, kudera la anthu opeza bwino, ndipo mu 1938 idatsegula bwalo la Monumental pamalo aakulu a m'mphepete mwa mtsinje. Boca idagula malo a pa Brandsen mu 1931, malo ongopitirira pang'ono mahekitala 2, opanikizidwa ndi misewu, nyumba ndi njanji. Pulezidenti wa timuyi, Camilo Cichero, adafuna bwalo la konkire lolowa anthu ochuluka pakamalo komweko, ndipo ntchitoyo idapatsidwa kwa injiniya José Luis Delpini, katswiri wojambula mapulani Viktor Sulčič wochokera ku Slovenia, ndi Raúl Bes, anthu atatu omwe adamanganso msika wa Abasto mumzinda momwemo. Poti m'mbali mudalibe kotambasukira, adakwera m'mwamba. Adasanjikiza nsanjika iliyonse pamwamba pa inzake, yapamwamba ikulendewera kutsogolo, ndipo mbali yachinayi, yomwe idalibiretu malo, adangoisiya yoongoka. Mwala wa maziko udaikidwa mu Febuluwale 1938, ndipo bwalo lidatsegulidwa pa 25 Meyi 1940, Boca itagonjetsa San Lorenzo ndi zigoli 2 kwa 0. Nsanjika yachiwiri idabwera mu 1941, yachitatu idatha mu 1953. Za dzina, amati Sulčič adapatsidwa bokosi la chokoleti n'kuona kuti likufanana ndi pulani yake. Pa Chisipanishi bokosi lotero ndiye bombonera.

Kamangidwe kochita kukakamizikaka ndiko kadapatsa bwaloli chomwe mabwalo otakasuka alibe. Palibe njira ya othamanga pakati pa anthu ndi udzu, ndipo mzere wa m'mbali uli pafupi kwambiri ndi oonerera moti woponya kona amamva mawu a munthu mmodzimmodzi. Phokoso lochokera m'mbali zitatu limakagunda khoma loongoka lija n'kubwerera, osapeza potulukira. Wokhala m'nsanjika yachitatu amaona mpira ngati uli kumapazi kwake, ndipo ambiri okwera koyamba amachita chizungulire. Anthu akayamba kudumpha pamodzi nsanjikazo zimagwedezeka ndithu, munthu n'kumamva m'maondo. Ochemerera amati bwalo lawo silinjenjemera koma limagunda monga mtima. Palibe mwa zonsezi chomwe Delpini ndi anzake akanachipeza atapatsidwa mahekitala 20. Akanamanga chomwe akatswiri onse ankamanga nthawi imeneyo, chibwalo chozungulira, chotambalala, choika woonera kutali ndi wosewera.

Tisanamizane kuti bwalo limamwetsa zigoli. Santos ya Pelé idabwera pano mu 1963 n'kutenga chikho cha Copa Libertadores pamaso pa eni khomo. Mu 1969 timu ya dziko la Argentina idafanana mphamvu ndi Peru 2-2 pabwalo lomweli n'kulephera kupita ku World Cup ya 1970. Koma pompanso ndi pomwe Boca idakhoma Deportivo Cali 4-0 mu 1978 n'kusunga chikho cha Libertadores, chimodzi mwa 6 zomwe ili nazo. Ndi pomwe Diego Maradona adavala jezi ya Boca mu 1981, n'kugoneka pansi goloboyi wa River, Ubaldo Fillol, asanamwetse chigoli usiku womwe Boca idapambana 3-0, ndiponso pomwe adatsanzikana ndi mpira pa 10 Novembala 2001. Atasiya kusewera ankaoneka m'kachipinda kake pakhoma loongoka lija, theka la thupi lili kunja, akupukusa jezi ngati wochemerera wina aliyense. Atamwalira mu Novembala 2020, anthu adakasiya maluwa ndi makandulo pazipata za bwaloli. Agogo, bambo ndi mdzukulu angathe kuloza goli limodzi lomwelo aliyense n'kukamba zomwe adaona, ndipo chuma chimenechi sichinyamulika n'kupita nacho kwina.

Tsiku la masewero limayamba mpira ukadali kutali. Kulibe chimalo choimikapo magalimoto chozungulira bwaloli, choncho anthu ambiri amatsika mabasi patali n'kumaliza ulendo wapansi, kudutsa m'misewu ya nyumba zokhalamo. Njira za oyenda pansi ku La Boca n'zokwera ndi zotsika, pena mpaka masitepe, chifukwa adazikweza pothawa madzi osefukira, motero khamu limangodzaza pakati pa msewu. Pamakomo ndi m'makona eni dera amakhala atayatsa makala, akuotcha soseji yonenepa ya chorizo, n'kuing'amba pakati, kuiika mubuledi ndi kuthirapo msuzi wa masamba, adyo ndi viniga. Chakudyachi amachitcha choripán, ndipo utsi wake umakuta msewu wonse. Ena akugulitsa zipewa ndi mbendera, ena akuonerera pakhonde la m'mwamba atapachika nsalu ya buluu ndi chikasu. Apolisi amatseka misewu yoyandikira ndi zitsulo, ndipo munthu amadutsa malo angapo osechedwa asanafike pachipata pomwe makina amawerenga khadi lake la umembala. Mowa sagulitsa m'kati. Ngakhale zikwangwani za Coca-Cola pabwaloli zidapangidwa zakuda ndi zoyera, chifukwa kufiira ndi kuyera ndi mitundu ya River Plate, ndipo kampaniyo idachita kugonjera.

M'kati, maso amathamangira kuseri kwa goli lakumpoto, nsanjika yapakati, komwe kumakhala gulu la ochemerera lotchedwa La Doce. Dzinali lidachokera kwa Victoriano Caffarena, wochemerera yemwe adatsagana ndi timuyi pa ulendo wake wa ku Ulaya mu 1925, osewera n'kumutcha wosewera wa nambala 12. Nsalu zazitali zimamangidwa kuchokera pamwamba pa nsanjika kutsika mpaka m'munsi, ndipo anyamata amaimirira pazitsulo zotchinga khamu atagwira nsaluzo dzanja limodzi, ena atafulatira mpira, ntchito yawo kungoyambitsa nyimbo. Ng'oma zikuluzikulu zokhala ndi mbale zachitsulo pamwamba zimalira pamodzi ndi malipenga, ndipo nyimbo ikayambika kumeneko imazungulira bwalo lonse mpaka kwa okhala pamipando. Timu ikamatuluka, timapepala timagwa kuchokera m'nsanjika zonse. Chigoli chikalowa, oimirira kuseri kwa goli amakhamukira kutsogolo onse pamodzi mpaka kumpanda wawaya, kenako n'kubwerera m'malo mwawo, ndipo mlendo wosadziwa mwambowu amapezeka watsika masitepe angapo asanazindikire chomwe chachitika. Chodabwitsa koposa kwa wobwera koyamba n'choti Boca ikamwetsedwa chigoli nyimbo imakwera m'malo motsika. Mu 2004 nyuzipepala ya ku Britain ya The Observer idaika masewero a Boca ndi River pa La Bombonera pamwamba pa mndandanda wa zinthu 50 za m'masewero zomwe munthu ayenera kuona asanamwalire, ndipo kuyambira pamenepo alendo akhala akuchulukirachulukira.

Yemwe adayesa mwamphamvu kuposa onse kuchotsa timuyi pa Brandsen ndi Alberto J. Armando, mwini dzina lomwe bwaloli lidapatsidwa m'chaka cha 2000. Adali pulezidenti wa Boca kuyambira 1960 mpaka 1980, atalamulirapo kale pang'ono m'zaka za m'ma 1950, ndipo adali munthu wa maloto akuluakulu. Boma lidalola timuyi kukwirira mbali ya Río de la Plata, malole adathira dothi ndi zigumukire mpaka padatuluka tizilumba tolumikizidwa ndi milatho, ndipo malowo adawatcha Ciudad Deportiva. Armando adalonjeza kuti pamenepo padzaima bwalo la anthu 140,000, adatchula ndi tsiku lotsegulira lomwe, 25 Meyi 1975. Mamembala ndi ochemerera adagula mapepala a ngongole ndi malo okhalapo m'bwalo lomwe lidali lisanamangidwe. Chuma cha Argentina chitasokonekera, mitengo ya zinthu ikukwera tsiku ndi tsiku, tsikulo lidafika bwalo kulibe. Ngongole zidaunjikana, La Bombonera idasiyidwa osakonzedwa, ndipo mu 1984 idatsekedwa timu ili pafupi kugwa. Chaka chomwecho Boca idasewerapo ndi Atlanta itavala malaya oyera olembedwa manambala ndi cholembera, inki n'kumasungunuka ndi thukuta. Antonio Alegre ndi Carlos Heller, omwe adatenga utsogoleri mu 1985, ndiwo adakambirana ndi angongole n'kupulumutsa bwalo lakalelo. Malo a m'madzi aja adagulitsidwa m'zaka za m'ma 1990.

Chomwe chimachitika timu ikataya pakhomo pake anthu a ku Buenos Aires adachiona ndi maso kwa San Lorenzo, timu yomwe idasewera pa tsiku lotsegulira La Bombonera. Bwalo lake lakale, Gasómetro, la m'dera la Boedo, lidatsekedwa mu 1979 nthawi ya ulamuliro wa asilikali, ndipo pamalopo padamangidwa sitolo yaikulu ya Carrefour. San Lorenzo idayendayenda m'mabwalo obwereka mpaka 1993 pomwe idatsegula bwalo latsopano ku Bajo Flores, lalikulu bwino, m'kati mwa mzinda womwewo. Komabe ochemerera ake sadakhazikike mtima. Adachita zionetsero, adakakamiza nyumba ya malamulo ya mzindawo kukhazikitsa lamulo lowabwezera malo mu 2012, adasonkherana ndalama munthu aliyense kugula kagawo kake, ndipo mu Julayi 2019 timuyo idalandiranso malo a ku Boedo. Anthu omwe ali kale ndi bwalo labwino adatha zaka zambiri ndi ndalama zawo kumenyera kubwerera komwe adachoka. Membala wa Boca akamakana kusamuka, nkhani imeneyi amaidziwa bwino.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera, ndipo n'kulakwa kuinyoza. Bwalo lomwe limasiya kunja mamembala asanu mwa asanu ndi mmodzi aliwonse likulakwira eni ake. Kuyambira 2012 Boca ili ndi gulu lachiwiri la mamembala, omwe amalipira mwezi ndi mwezi koma amadikira zaka kuti akwezedwe kukhala mamembala enieni, ndipo ngakhale enieniwo amachita kulimbirana malo pa intaneti, mwayi n'kumapita kwa omwe akhala akubwera kawirikawiri. Pali ana a ku La Boca komweko omwe amamva phokoso la chigoli ali pakhomo pawo koma sadalowemo. River Plate, yomwe idasamuka kalekale, idakulitsa Monumental mu 2023 kufika pa anthu oposa 84,000, imadzaza bwalolo, ndipo ndalama za pachipata zimagula osewera. Pa chisankho cha Disembala 2023, Andrés Ibarra ndi womutsatira wake Mauricio Macri, yemwe adakhalapo pulezidenti wa Boca komanso wa dziko la Argentina, adalonjeza bwalo latsopano la anthu oposa 100,000 pamalo a Casa Amarilla, pafupi pomwepo. Ankati uku si kusamuka, poti timu ikhalabe ku La Boca. Mamembala oposa 40,000 adakavotera m'matenti omwe adakhomedwa paudzu wa La Bombonera, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse adasankha Juan Román Riquelme, yemwe adanenetsa kuti timu sichoka pabwalo lake.

N'zoona kuti ambiri adavotera Riquelme chifukwa cha zomwe adachita ali wosewera, atavala nambala 10, koma nkhani ya bwalo idali pakati penipeni pa kampeni, ndipo ovota ambiri ndi omwewo amene amasowa malo. Anthu omwe akanapindula ndi mipando 100,000 ndiwo adaikana, ndipo zifukwa zake zikuoneka. River idachoka ku La Boca isanakhale ndi chilichonse cha konkire choti isiye, ndipo idakula kukhala timu ya kumpoto. Ngakhale iyoyo itafuna malo ambiri sidamange kwina, idakulitsa bwalo lomwe lakhalapo kuyambira 1938. Malo a Casa Amarilla nawo si tchire lopanda mwini, poti anthu a m'deralo akhala akumenyera kuti pamangidwe nyumba zokhalamo ndi malo opumirako, m'dera lomwe mabanja ambiri akadali m'nyumba zamalata zomwe zimapsa chaka ndi chaka. Ndipo bwalo la anthu 100,000 silimangidwa ndi chikondi, limamangidwa ndi ngongole, m'dziko lomwe ndalama yake imagwa mphamvu kawirikawiri. Ngongole yotero imabwezedwa ndi mipando yodula ndi tizipinda ta makampani, osati ndi malo oimirira a mnyamata wa kudoko. Kale mu 1996, Macri ali pulezidenti, mbali yoongoka ija idagumulidwa n'kumangidwanso ndi tizipinda togulitsa pamtengo wokwera. Membala wosauka ali ndi chifukwa chokayikira ngati m'bwalo latsopano malo owonjezerawo adzakhale ake.

Mfundo ina yotsutsa ndi ya ziwawa, ndipo apa palibe chobisa. La Doce yomwe alendo amaijambula ndi mafoni ndi gulunso lomwe atsogoleri ake akhala akudya ndalama za matikiti ogulitsa mwachinyengo, zoimika magalimoto m'misewu ndi zoopseza anthu. Mtsogoleri wake wotchuka José Barritta adamangidwa pambuyo pa kuphedwa kwa ochemerera awiri a River mu 1994. Mu Meyi 2015, pa masewero a Copa Libertadores, wochemerera wina adapopera mankhwala oyabwa m'njira yotulukira osewera a River popita m'chigawo chachiwiri; masewero adathera pomwepo, ndipo Boca idachotsedwa m'mpikisanowo. Kuyandikana kwa oonera ndi osewera, komwe tikukuyamikira, ndiko kudapangitsa zimenezo kukhala zotheka. Koma wonena kuti bwalo latsopano lingachize matendawa ayang'ane komwe zoopsa zina zidachitikira. Anthu 71, ambiri achinyamata ochemerera Boca, adafa popanikizana pa chipata nambala 12 cha Monumental mu Juni 1968. Lamulo loletsa ochemerera timu yachilendo kulowa m'mabwalo a ligi lidabwera mu 2013 wochemerera Lanús ataphedwa pabwalo lamakono la ku La Plata. Basi ya Boca idagendedwa mu 2018 m'misewu yotakasuka ya kumpoto, mpaka ndime yomaliza ya Libertadores idakaseweredwa ku Madrid. Magulu amenewa amakhala ndi mphamvu chifukwa atsogoleri a matimu, andale ndi apolisi ena amawagwiritsa ntchito n'kumawateteza, ndipo bwalo likasamuka iwonso asamuka nalo.

Mlendo wofuna kukaonera masewero ayenera kudziwa pomwe waima m'nkhani yonseyi. Pa masewero a ligi Boca sigulitsa matikiti kwa anthu wamba pachipata, chifukwa malo sakwanira ndi mamembala omwe. Alendo ambiri amalowa kudzera m'makampani okopa alendo omwe amalipiritsa ndalama zambiri, ndipo kawirikawiri chomwe amapatsidwa ndi khadi la membala wina lobwereka. Madobadoba a m'misewu nawo amagulitsa matikiti abodza kwa osadziwa. Malo aliwonse omwe mlendo wakhala ndi malo omwe mwini wake wina wawasowa, ndipo mbali ya ndalamazo imatha kukathera m'matumba a magulu aja. Izi sizikutanthauza kuti asapite. Apite podziwa kuti akulowa pakhomo pa eni, asavale chofiira ndi choyera, afike nthawi ikadalipo, ndipo masewero akatha atuluke ndi khamu osalowa m'tinjira tamdima. Wosapeza njira yolongosoka angapite tsiku lopanda masewero ku Museo de la Pasión Boquense, nyumba yosungiramo mbiri ya timuyi yomwe idatsegulidwa mu 2001 pansi pa nsanjika za bwaloli. Ena amati kutchuka kwa La Bombonera sikudathandize anthu a m'deralo, poti alendo amangojambula nyumba zopaka utoto za mumsewu wa Caminito n'kubwerera kumahotela a kumpoto dzuwa lisanalowe, ndipo n'zoona kuti umphawi ku La Boca sudathe. Doko lidasamuka kalekale, mafakitale ambiri adatsekedwa, Riachuelo adaipitsidwa mpaka khoti lalikulu la dzikolo lidalamula mu 2008 kuti ayeretsedwe. Pa zinthu zikuluzikulu zomwe dera lidali nazo, bwaloli ndi chimodzi mwa zochepa zomwe sizidachoke, ndipo mayi wootcha soseji pakhomo pake amapeza ya lendi chifukwa khamu limadutsa pamsewu wake.

Vuto la malo likadalipo, ndipo kukana kusamuka sikulithetsa. Mapulani okulitsa La Bombonera pomwe ilipo akhala akujambulidwa kwa zaka zambiri, ndipo odziwika kwambiri amafuna kugumula khoma loongoka lija n'kumanga nsanjika zofanana ndi za mbali zinazo kuti bwalo litsekeke mozungulira. Kuti zimenezo zitheke, timu iyenera kugula nyumba za kutsidya kwa msewu wa Del Valle Iberlucea, momwe mukukhala mabanja, ena eni nyumba, ena a lendi. Apa ndi pomwe Boca iyenera kusonyeza ngati mfundo ya mamembala ake ili yoona mpaka pansi. Timu yomwe imati singachoke chifukwa ndi ya anthu a ku La Boca singawachotse anthu omwewo mokakamiza kapena ndi mtengo wachipongwe, ndipo a lendi, omwe dzina lawo silili pa pepala la nyumba, ndi amene angaponderezedwe mosavuta. Ngati mabanjawo akana, timu iyenera kufunafuna malo owonjezera m'mwamba ndi m'makona monga adachitira Delpini, n'kuvomereza kuti sidzafika pa 100,000. Ndipo malo alionse omwe angapezeke ayambe apita kwa mamembala omwe akhala pamzere kuyambira 2012, tizipinda ta makampani tibwere pambuyo.